Lagaan: Filimu Yokoma, Koma Kriketi ya Lero Ili M'manja mwa Yani?

Anzanga acinyamata, mwezi watha pa Ciweru madzulo tinasonkhana m'holo ya chalichi kuonera filimu ya ku India yochedwa Lagaan. Ambiri a inu munazolowera za pa Zee World, za apongozi ankhanza ndi maukwati osatha. Iyi njosiyana nazo. Ndi yaitali, maola atatu ndi mphindi zoposa 40, ndipo ena anadandaula za njala, koma palibe amene anatuluka isanathe. Inu amene simunabwere, ndifuna ndikuuzeni cifukwa cace muyenera kuiona, ndiponso zimene muyenera kukumbukira poionera.

Filimuyi inatuluka mu 2001. Anaikonza ndi Ashutosh Gowariker, ndipo wosewera wamkulu ndi Aamir Khan. Liu lakuti lagaan litanthauza msonkho. Nkhani yace icitika mu 1893 m'mudzi wa Champaner. Mvula yakana, koma mkulu wa asilikali a Angerezi, Kapitao Russell, afuna msonkho wowirikiza. Mnyamata wina, Bhuvan, atanyoza masewero a azungu, Russell amuuza kuti akagonjetsa azunguwo pa kriketi, dera lonse silidzakhoma msonkho zaka zitatu, koma akalephera adzakhoma katatu. Bhuvan avomera, ngakhale m'mudzimo mulibe amene anagwirapo cibonga ca kriketi.

Ife a kuno ku Chipata nkhani yotere siticita kufunsa. Mu 1898 Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, napha mwana wace Nsingo, nalanda ng'ombe zambiri. Pambuyo pace unabwera msonkho wa nyumba, umene unatumiza makolo athu ku mapulazi ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama. Cotero pamene alimi a m'filimu ayang'ana kumwamba, mitambo n'kupitirira osagwetsa dontho, m'holo munali zii. Apa Gowariker anacita bwino koposa. Nyimbo za A. R. Rahman nazonso zithandiza nkhani kuyenda. Ndiponso malamulo a kriketi timawaphunzira pamodzi ndi alimiwo, kotero kuti pofika tsiku lotsiriza, ngakhale atsikana a kwaya amene sanaonepo masewerowa anali kukuwa. N'zosadabwitsa kuti mu 2002 filimuyi inafika pa mndandanda wotsiriza wa mphoto za Oscar.

Koma pali zinthu ziwiri zimene sizinandikomere. Coyamba ndi ca Kachra, munthu wa mtundu umene anzace amauyesa wodetsedwa. Anthu a m'mudzi akana kusewera naye, ndipo Bhuvan awadzudzula. Zimenezo n'zabwino. Koma taonani cifukwa cimene amlandirira: dzanja lace lopuwala limazunguza mpira mwa njira imene azungu alephera kuimenya. Nanga akadakhala wosadziwa kuponya? Filimuyi siifunsa funso limeneli. Munthu ayenera kulandiridwa cifukwa ndi munthu, angakhale alibe phindu ku timu. Caciwiri, moyo wa dera lonse waikidwa pa kubecha. Bhuvan anachova njuga ndi cakudya ca ana a eni ace, asanawafunse. Popeza anapambana, timamuyesa ngwazi. Akadalephera tikadamucha dzina lina.

Tsopano tiyeni tituluke m'filimu. Lagaan itiuza kuti kriketi ndi cida ca amphawi. Ku India wa lero, masewerowa ali m'manja mwa anthu atatu: wamalonda, wa mafilimu ndi wandale. Mu 2008 anayambitsa mpikisano wa Indian Premier League, kapena IPL. Timu ya Mumbai Indians inagulidwa ndi kampani ya Reliance ya Mukesh Ambani. Ya Kolkata Knight Riders inagulidwa ndi Shah Rukh Khan, katswiri wa mafilimu, pamodzi ndi anzace. Mu 2022 ufulu woonetsa IPL pa TV ndi pa intaneti kwa zaka zisanu unagulitsidwa pa mtengo woposa madola 6 biliyoni a ku America. Bhuvan wa lero amagulidwa pa okushoni monga ng'ombe.

Andale nawo sali patali. Mu 2021 bwalo lalikulu la ku Ahmedabad, m'cigawo ca Gujarat kumene kunacokera makolo a amalonda ambiri a ku Down Shops, linapatsidwa dzina la nduna yaikulu Narendra Modi, ndipo mbali zace ziwiri zinachedwa maina a makampani a Adani ndi Reliance. Jay Shah, mwana wa nduna ya za m'dziko Amit Shah, anakhala mlembi wa bungwe la kriketi la India mu 2019, ndipo mu Disembala 2024 anakhala wapampando wa ICC, bungwe loyang'anira kriketi pa dziko lonse.

Mufuna kuona mmene zitatuzi zimalumikizirana? Mu 2010 Shah Rukh Khan ananena kuti osewera a ku Pakistan anayenera kutengedwa mu IPL. Cipani ca Shiv Sena cinakwiya, ndipo anthu ace anaopseza nyumba zoonetsera filimu yace yatsopano, My Name Is Khan, mu mzinda wa Mumbai, kufikira apolisi anacita kuzilonda. Mau a pa kriketi anafuna kupha malonda a filimu. Koma mu 2022 filimu ya The Kashmir Files, imene ambiri anaidzudzula kuti ikolezera cidani pa Asilamu, inayamikiridwa ndi Modi, ndipo zigawo zingapo zolamulidwa ndi cipani cace zinaicotsera msonkho. Wopanga mafilimu akaona zotere amadziwa yekha nkhani imene idzamdyetsa ndi imene idzamsaukitsa. Mu Lagaan, Mhindu, Msilamu ndi Msikh ali m'timu imodzi. Ndikayika ngati filimu yotere ingapeze ndalama mosavuta lero.

Ndipo njuga ija ya Bhuvan inakula. Mu 2013 kunabuka mlandu wa kubecha ndi kugulitsa masewero mu IPL, ndipo matimu awiri, Chennai Super Kings ndi Rajasthan Royals, anaimitsidwa zaka ziwiri. Mu 2023 kampani ya Dream11, ya masewero a ndalama pa foni, inaika dzina lace pa malaya a timu ya dziko, mpaka mu 2025 pamene boma la India linaletsa masewero otere. Inu amene mumataya ndalama ya fetereza pa kubecha mpira wa ku England, mudziwe kuti mwini kampani sachova njuga. Amene amachova ndi inu.

Mwina mukuti kriketi si yathu. Koma mu 1975, pa World Cup yoyamba ku England, timu ya East Africa inali ndi osewera a ku Zambia, monga Parbhu Nana ndi Yunus Badat, ndipo inasewera ndi India yemweyo. Mu 2021 ICC inacotsa Zambia pa umembala cifukwa ca kusayenda bwino kwa utsogoleri wa bungwe lathu. Kwina masewero aonongeka ndi ndalama zocuruka, kuno anagwa ndi mabvuto a utsogoleri. Konseku wovutika ndi mwana amene angofuna kusewera.

Ndiye ndinene ciani za Lagaan? Ioneni, ndipo muitane ang'ono anu. Ndi filimu yokoma, yoyenera banja lonse, ndipo iphunzitsa kugwirizana. Koma mukamaonera filimu iri yonse, kaya ya ku India, ya ku Nigeria kapena ya ku America, dzifunseni mafunso atatu: Ndani anapereka ndalama? Ndani akondwera ndi nkhaniyi? Ndani sanapatsidwe mpata wolankhula? Pa msonkhano wathu wa mwezi wa mawa tidzayamba ndi funso la Kachra. Mubwere mutaganizirapo za anthu a mumpingo mwathu amene timawakumbukira pokhapo tikafuna kanthu kwa iwo.