Za Bolodi Lowala la ku Mangalande

Abale, mwina ena a inu mudamva mbiri ya bolodi lija losasowa choko, limene mphunzitsi angolikhudza ndi chala, ndipo pomwepo zithunzi ndi malemba zionekera. Kampani ya SMART Technologies ya ku Canada idayamba kuligulitsa m'chaka cha 1991. Nyali ya projekitala iponya pa bolodilo zonse zili m'kompyuta, ndipo bolodilo limva pamene chala chakhudza.

Kuyambira 2003 boma la ku Mangalande lidataya ndalama zochuluka kupachika mabolodi otere m'sukulu, poyesa kuti nzeru za ana zidzakula msanga. Nanga zidakula kodi?

Akatswiri ofufuza a pa yunivesite ya Newcastle adalondola nkhaniyi m'sukulu za ana aang'ono, nalemba zimene adapeza mu 2005. Aphunzitsi adalitama bolodilo, ananso adakondwera nalo ndithu. Chaka choyamba mayeso adakwera pang'ono. Koma chaka chachiwiri ana okhala nalo bolodilo ndi ana opanda ilo adalingana. Mu 2007 ena a ku London adayesa sukulu za sekondale za mumzindamo, osapezanso kuti mayeso adakwera chifukwa cha bolodi m'chaka choyamba.

Ine sindinena kuti chipangizochi n'choipa, iai. Mwana wosaonapo nyanja akaiona ikugavira pa khoma, wapindula. Chimene ndikana ndi ichi, kuyesa kuti chimwemwe cha ana ndicho kuphunzira. Mphunzitsi wa choko alemba pang'onopang'ono, ndipo m'mene dzanja lake lili kuyenda, mwana wochedwa mutu apeza nthawi yakulondola samuyo mzere ndi mzere, naonanso pamene mphunzitsi waphonya ndi kufufuta. Koma pa bolodi lowala samu ifika yathunthu, yokonzedwa kale dzulo. Chala chikhudza, ndipo yapita, inanso yafika. A ku Newcastle aja adaonadi kuti maphunziro adayamba kuthamanga. Wochenjera athamanga nawo. Nanga uja wakhala kumbuyo, amene achita manyazi kuimika dzanja?

Tsono akadzafika kwanu a chifundo ndi mphatso yotere, inu a komiti ya sukulu muwalandire ndi ulemu, koma muwafunse: adzamphunzitsa ndani mphunzitsi wathu kuligwiritsa nchito? Magetsi akathima ana adzatani? Ndipo nyali ija ikapsa, pakuti imapsa, adzagula ina ndani?