Za Mawu Akuti "Ubale Wanga ndi Mulungu" m'Malokeshoni a Lilongwe

Pali mawu ena amene akhazikika pakamwa pa akhristu a m'malokeshoni a mzinda wa Lilongwe, ndipo nkoyenera kuti tiwaunike mofatsa, popeza wansembe aliyense wotumidwa ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25 adzakumana nawo sabata yake yoyamba isanathe. Mawuwo ndi akuti "ubale wanga ndi Mulungu." Amamveka m'maumboni a pa mapemphero ochezera usiku, m'maulaliki a m'minibasi ndi a pa wailesi, ndiponso m'yankho la mkhristu amene mkulu wa mphakati wamufunsa chimene walekera kusonkhana ndi anzake. Iyeyo amayankha mwaulemu ndithu kuti kupemphera sadaleke, kuti adalandira Yesu kukhala Mbuye ndi Mpulumutsi wa moyo wake, ndi kuti za iye ndi Mulungu wake nza awiri. Ambiri mwa oyankha chotere sadatuluke mu Eklezia. Lamulungu m'mawa ali pa Misa, madzulo ake ali ku felosipu m'kalasi ya sukulu ina, ndipo mtima wawo suwatsutsa konse.

Yankho lofulumira limene timalimva kawirikawiri pakati pa ophunzira zaumulungu ndi lakuti chipembedzo chotere nchachilendo, chidachokera ku America, ndipo ife Aafrika ndife anthu a gulu, paja kali kokha nkanyama. Yankholi lili ndi choona chake, koma nlopepuka, ndipo wolinena amataya chuma cha Eklezia mwini wake asakudziwa. Buku la Eksodo likutiuza kuti Mulungu ankalankhula ndi Mose monga munthu alankhulira ndi bwenzi lake. Pa mutu 15 wa Mthenga Wabwino wa Yohane, Ambuye akuleka kuwatcha ophunzira awo antchito, nawatcha abwenzi. Tomasi uja wokayika, ataona mabala, sadavomere chikhulupiriro cha gulu chabe: adamutchula Woukayo kuti ndi wake. Augustine Woyera, Mwafrika mnzathu amene adamwalira ku Hippo m'chaka cha 430, adalemba buku lathunthu la moyo wake molankhula ndi Mulungu pamaso ndi pamaso, ndipo Teresa wa ku Avila ankaphunzitsa masisitere ake kuti pemphero la mumtima ndi kucheza ndi bwenzi limene tidziwa kuti limatikonda. M'masiku athu omwe ano Papa Benedict XVI, poyamba kalata yake Deus Caritas Est ya 2005, adati chikhristu chimayamba ndi kukumana ndi Munthu wina wake, osati ndi mfundo ya nzeru; Papa Francis adabwereza kuitana komweko mu Evangelii Gaudium m'chaka cha 2013. Tsono mnyamata wa kabaza wa ku Area 23 akamanena kuti Yesu ndi wake, sakulankhula zampatuko ayi.

Choyenera kufunsa nchakuti ludzu limeneli lidachokera kuti. M'chaka cha 1966 tauni ya Lilongwe idali ndi anthu osakwana 20,000. Likulu la dziko litasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, kalembera wa 1977 adapeza anthu pafupifupi 100,000, ndipo wa 2018 adapeza pafupifupi 990,000. Ochuluka a iwowa, kapena makolo awo, adasiya mudzi kumene munthu amadziwika ndi mfunda wake, ndi manda a makolo ake, ndi dzina la amalume ake. Ku Mgona kapena ku Biwi munthu yemweyo ndi walendi wa m'nyumba ya kuseri, ndi waganyu woima pa chipata cha fakitale ku Kanengo kudikira kuti amuloze ndi chala. Akadwala, oyandikana naye amadziwa patapita masiku. Munthu wotere akamva mlaliki akunena kuti Mulungu amamudziwa ndi dzina, kuti adamufera iyeyo payekha, mawuwo amamugwera ngati mvula yoyamba pa nthaka ya mu Okutobala.

Tisaiwalenso kuti pano Mthenga Wabwino udabweretsadi chinthu chatsopano. Makolo athu ankamudziwa Chauta, Namalenga, Mphambe. Koma monga adalongosolera Bambo J. W. M. van Breugel m'kafukufuku wawo wa chipembedzo cha Achewa, njira yozolowereka yomufikira idali kudzera mwa mizimu, ndipo nsembe zazikulu, monga za mvula pa kachisi wa ku Msinja, zidali za mtundu wonse. Kuti mwana wamasiye, wopanda mwini mbumba womulankhulira, angathe kuima yekha pamaso pa Mlengi ndi kumutcha Atate, ndi ufulu umene ubatizo udatipatsa. Kungakhale kulakwira anthu athu kuwalanda ufulu umenewu m'dzina la chikhalidwe.

Eklezia wa ku Lilongwe adaliona vuto la kusungulumwa kwa mkhristu kale ndithu, ndipo adali m'gulu la oyamba kulifunira mankhwala. Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, adaitanitsa sinodi yaing'ono ya dayosizi imene idachitika kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo chipatso chake chachikulu chidali miphakati: timagulu ta mabanja oyandikana, todzitumikira, todzidalira ndi tofalitsa tokha Mthenga. Maepiskopi a AMECEA adavomereza njira yomweyi mu 1976 kuti ikhale patsogolo pa ntchito zonse zautumiki m'chigawo chino cha Afrika. Boma la nthawi imeneyo lidaikayikira miphakatiyo, poiyesa misonkhano ya ndale. Ambuye Kalilombe adachoka m'dziko mu 1976, natula pansi udindo wawo mu 1979. Chinthu chimene chidagulidwa pa mtengo wotere sitingachinyoze. Mpaka lero, m'maparishi monga Utatu Woyera ku Kawale, Don Bosco ku Area 23 ndi St Francis ku Area 25, ndi mphakati umene umaphika pa maliro, umayendera odwala ndi kuperekeza akatekumeni.

Komabe tiyenera kunena mosabisa kuti m'malo ambiri a dziko lino mphakati wasanduka ofesi. Ndiko kolipirira mtulo, kosainitsa khadi, kotenga kalata yoti mwana abatizidwe. Ndipo alipo akhristu amene amapitako chifukwa choopa kuti tsiku la maliro awo kwaya sidzabwera. Mawu a Mulungu amawerengedwa, anthu awiri kapena atatu omwe aja a masiku onse amanenapo ndemanga, kenaka nthawi yotsalayo imathera pa zolengeza ndi zopereka za Paper Sunday. Munthu angathe kusonkhana nawo zaka khumi popanda womufunsa kuti, "Kodi pemphero lanu likuyenda bwanji?" Ku felosipu, tsiku loyamba lomwe, amamufunsa dzina, namufunsa chimene chikumusowetsa tulo, namusanjika manja, ndipo m'mawa mwake wina amamuimbira foni. Tisadabwe tsono kuti mapazi ake amalowera komweko.

Tavomereza zonsezi kuti chidzudzulo chathu chigwe pamalo pake. Ndipo malo akewo ali m'mawu omwewo amene alaliki adasankha. Pomasulira ganizo limeneli kuchokera ku Chingerezi, Chichewa chidawapatsa mawu atatu. "Chibwenzi" sakadalitenga, pakuti aliyense adziwa kumene liwulo limaloza. "Ubwenzi" ukadakhoza, popeza bwenzi umasankha wekha ndipo za inu awiri zimathera pa inu nokha. Koma liwu limene lidapambana ndi "ubale," ndipo ubale m'chinenero chathu sukhala wa anthu awiri. Palibe munthu amene ali ndi m'bale mmodzi yekha. Ukakhala pa ubale ndi munthu, amayi ake, alongo ake, adzukulu ake ndi maliro a kwawo zonse zakugwera, ufune usafune. Ngakhale ukwati, umene umayamba ndi mitima iwiri, kwathu kuno suima popanda ankhoswe. Liwu lakuti "Ambuye" lomwe, limene timatchulira Khristu, m'madera ena ndi lotchulira agogo kapena mkulu woyang'anira mbumba, munthu amene sungamutenge kukhala wako wekha chifukwa ali ndi adzukulu ambiri. Choncho wonena kuti ubale wake ndi Mulungu ndi wa awiri okha akutsutsidwa ndi lilime lake lomwe. Chichewa pamenepa chagwirizana ndi Malembo: pemphero limene Ambuye adatiphunzitsa timalitcha Atate Athu, ndipo kalata yoyamba ya Yohane imamutcha wabodza munthu wonena kuti akonda Mulungu wosaoneka chikhalirecho akudana ndi m'bale wake amene amamuona.

Izi sizongosewera ndi mawu, chifukwa zipatso zake zikuoneka m'mabanja. M'mapemphero ena a mamasulidwe anthu amaphunzitsidwa kuti umphawi wawo, kusakwatiwa kwawo kapena kusowa kwawo kwa ntchito ndi matemberero a ku mtundu, ndipo kuti ayenera kudula zingwe za magazi. Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Rijk van Dijk, adaona kale mzimu womwewu pakati pa alaliki achinyamata obadwa mwatsopano a ku Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, amene ankadzudzula akuluakulu poyera kuti ndiwo osunga ufiti. Mapeto ake ndi otani? Gogo wa ku Dowa kapena ku Ntcheu, amene adagulitsa mbuzi kuti mdzukulu aphunzire, amangoona kuti thandizo laleka, mdzukuluyo sabweranso pa Khirisimasi, ndipo pambuyo pake amamva mphekesera yoti wamutchula m'pemphero ngati mdani. Ubale ndi Mulungu umene umayamba ndi kupha ubale ndi amene adakulera uyenera kufunsidwa kuti Mulungu wake ndi uti, popeza lamulo lachinayi silidafafanizidwe.

Chinanso nchakuti ubalewu umasanduka malonda msanga. Mvetserani maumboni: ntchito yapezeka, ulendo wa ku Johannesburg watheka, ngongole yakhululukidwa, mwamuna wabwerera. Zonsezi nzoyenera kuthokozera, ndipo ife amene sitidagonepo ndi njala chifukwa cha lendi tisafulumire kuziseka. Koma nanga mayi amene adasala kudya masiku atatu, nabzala mbewu yake ya ndalama, nakwera phiri la Bunda kukapemphera usiku wonse, mwana wake namwalirabe, adzaima pati kuti apereke umboni? Chiphunzitso chimene adalandira chimamusiyira mayankho awiri okha: kapena chikhulupiriro chake chidachepa, kapena wina wamulodza. Za Yobu, za Getsemani, za usiku wa mdima umene John wa Mtanda adaulongosola, sadamvepo. Makalata a Mayi Teresa wa ku Calcutta, amene adasindikizidwa mu 2007, adaonetsa kuti mayi woyerayo adakhala zaka zambirimbiri osamva kukoma kulikonse m'pemphero, koma osaleka kutola odwala m'misewu. Nkhani yotereyi ndi imene mayi wa ku Chinsapo uja akuisowa, ndipo ili m'nkhokwe yathu.

Chodabwitsa china tingochitchula mwachidule. Amene adati safuna wansembe pakati pa iye ndi Mulungu, kawirikawiri timamupeza patapita chaka ali ndi "munthu wa Mulungu" amene amamutcha adadi, chithunzi chake chili pa chitseko, madzi ake odzozedwa ali m'chikwama, ndipo sangayambe ulendo asanamufunse. Mkhalapakati adamutulutsira pakhomo, wina wolamula koposa nalowera pa zenera.

M'kati mwa Eklezia momwe muli gulu la Akarizimatiki, limene lidayamba pakati pa ophunzira a pa yunivesite ya Duquesne ku Pittsburgh mu 1967, ndipo Papa Paul VI adalilandira ku Roma mu 1975. Mamembala ake m'maparishi athu amalankhula chinenero chomwechi cha kukumana ndi Yesu, koma ali pafupi ndi Ukaristia ndi Amayi Maria. Kumene wansembe amakhala nawo pansi ndi kuwaphunzitsa, amakhala mlatho wobwezera ambiri kwawo. Kumene amangowapatsa holo ndi kuwatsekera kunja kwa mtima wake, amaphunzira zaumulungu zawo pa wailesi ya kanema, ndipo sitichedwa kumva kuti ena ayamba utumiki wawowawo.

Papa Paul VI yemweyo, m'ndime 46 ya Evangelii Nuntiandi, adakumbutsa kuti kulalika kwa gulu sikuchotsa kufunika kwa kufikira munthu mmodzi payekha, ndipo adatchula sakramenti la kulapa ndi kucheza kwauzimu ngati malo ake. Apa mpamene ife a m'seminale tiyenera kudziyang'ana. Wophunzira wa ku Kachebere kapena wa ku St Peter's ku Zomba ali ndi bambo womutsogolera pa zauzimu, ali ndi nthawi ya chete tsiku lililonse, ali ndi m'bindikiro chaka ndi chaka. Zimene mkhristu wa ku Mgona akuzifuna ndi kufuula ndi misozi, ife tidazilandira pa ndandanda ya tsiku. Funso nlakuti mwa zonsezi, ndi ziti zimene zimafika kwa akhristu eni ake, kupatula mzere wautali wa kulapa wa sabata yoyera, pamene aliyense apatsidwa mphindi ziwiri.

Pa mutu 6 wa Mateyo, Ambuye akulangiza wopemphera kuti alowe m'chipinda chake ndi kutseka chitseko. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lokhala m'chipinda chimodzi cha lendi, khoma lake lomveka wailesi ya oyandikana nawo, lilibe chitseko chotere. Nyumba yokhayo ya chete m'lokeshoni monse ndi tchalitchi, ndipo matchalitchi ambiri amatsekedwa Misa ya m'mawa ikangotha, chifukwa cha akuba, kufikira tsiku linzake. Mantha a akubawo ndi oona: zokuzira mawu zimabedwa, ndipo tabernakulo siyosiya poyera. Koma mayi wochokera ku msika wa Kawale nthawi ya 4 koloko madzulo, wofuna kukhala pansi mphindi khumi pamaso pa Ambuye ake asanakayatse mbaula, amapeza loko pa chitseko, pamene holo ya felosipu ya tsidya la msewu ili yotsekula. Malipiro a mlonda wa masana, kapena ndandanda ya miphakati yosinthana kulondera khomo, ndi nkhani imene khonsolo ya parishi ingathe kuimaliza pa msonkhano umodzi.