Manja Otsuka Chilonda ku Katoto

Mu Juni ndi Julayi mzinda wa Mzuzu umazizira kwambiri, ndipo madzulo anthu amakokera mbaula pafupi ndi mapazi. Kwa munthu wodwala shuga amene mapazi ake anachita dzanzi, kuotha moto kotere n'koopsa, chifukwa khungu limatha kupsa mwiniwake osamva kanthu. Chilonda chomwe ndakhala ndikuonerera chikutsukidwa ku Katoto chinayamba motero, kunsi kwa phazi la bambo wina wachikulire. Chithuza chinaphulika, masabata n'kudutsa, bala osatseka. Amene akuchisamalira ndi namwino wa m'dera lomwelo, ndipo ntchito ya manja ake ndi yoyenera kuiyang'ana mofatsa.

Akangolowa amapereka moni wa kuno, "Mwawuka uli, adada?", n'kusamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Asanamasule bandeji amagwira phazi lonse ndi kuseri kwa dzanja lake, kenako linzake, kuyerekeza kutentha kwa awiriwo. Zala ziwiri amaziika pamwamba pa phazi, n'kuzisuntha kupita kuseri kwa kakolo, kufuna kumva kugunda kwa mtsempha. Kugundako kukamveka ndiye kuti magazi akufika, ndipo bala likhoza kupalidwa popanda mantha. Kukapanda kumveka, mpeni sautulutsa n'komwe, pakuti mnofu wosalandira magazi ukadulidwa sumeranso. Bandeji yakale amayamba waviika ndi madzi amchere kuti isamatuke ndi mnofu watsopano. Akaichotsa amaiyang'ana ndi kuinunkhiza: kuchuluka kwa madzi, mtundu wa mafinya ndi fungo lake zimamuuza zomwe zachitika usiku.

Kuti timvetse chomwe akufufuza, tiyenera kuona kaye zomwe thupi limachita lokha likavulala. Timitsempha ta pamalopo timatanuka, magazi n'kuchuluka, choncho malowo amafiira ndi kutentha. Makoma a timitsemphato amamasuka pang'ono, madzi a m'magazi n'kutulukira mu mnofu, ndiye kutupa kuja ndi ululu wake. Zizindikiro zinayizi, kufiira, kutentha, kutupa ndi kupweteka, anazilemba Celsus wa ku Roma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo namwino wa lero akuziwerengabe ndi zala zake. M'maola ochepa chabe maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil amakhala atafika. Amagwirira ku khoma la mtsempha, n'kudzifinya kudutsa pakati pa maselo a khomalo, kutsata fungo la mankhwala otuluka pabala mpaka atapeza tizilombo. Amatimeza, ena n'kufera pompo, ndipo mafinya ambiri ndi mitembo yawo. Pakapita masiku awiri kapena atatu pamachuluka maselo aakulu otchedwa macrophage, odya zinyalala zonse za pabala. Élie Metchnikoff ndi amene anaona kadyedwe kameneka mu 1882 ku Messina, atabaya ndi minga kanyama ka m'nyanja koonekera mkati, n'kupeza m'mawa mwake maselo ataunjikana kuzungulira mingayo. Analandira mphoto ya Nobel mu 1908.

Chomwe chimandidabwitsa koposa ndi mathero ake. Macrophage ikameza ma neutrophil omwe atha ntchito, iyo yomwe imasintha khalidwe: imaleka kuitana maselo ena omenya nkhondo, n'kuyamba kutulutsa mankhwala olamula kuti timitsempha tatsopano timere ndi kuti mnofu ulukidwe. Kutupa sikungozilala kokha, thupi limachita kukutseka. Cha m'ma 2000 Charles Serhan ndi anzake ku Boston anapeza ena mwa mankhwala otsekerawa, otchedwa resolvin, ndipo thupi limawapanga kuchokera ku mafuta a omega-3, opezeka mu nsomba. Bambo uja akamadya usipa wochokera ku Nkhata Bay, akupatsa thupi zina mwa zipangizo za ntchito imeneyi, ngakhale usipa wokha sungatseke bala.

Pachilonda chamgonagona, kutseka kuja kumalephereka. Mnofu wakufa ukatsalira, tizilombo timamangapo kansalu kotelera komwe timabisalamo, ndipo ma neutrophil amangobwerabe tsiku ndi tsiku. Michere yomwe amatulutsa pofuna kusungunula zonyansa imayamba kusungunulanso mnofu wabwino womwe wangolukidwa kumene. Shuga wochuluka m'magazi amafooketsa maselo oyerawa, kuponda pabala kumaphwanya zomwe zamera, fodya amapanikiza mitsempha. Ntchito yonse ya namwino yagona pa kuchotsa chimodzichimodzi zinthu zomwe zikuletsa kutupa kufika pamapeto pake.

Amavala magolovesi, n'kuyamba kutsuka. Madzi ake ndi amchere wochepa, magalamu 9 pa lita imodzi, ofanana ndi mchere wa m'magazi, kotero saluma maselo. Amawapopa ndi sirinji yopanda singano, mwamphamvu yokwanira kukokolola zonyansa koma yosakwana kusupula mnofu wanthete. Kansalu ka gozi amakagwira ndi kachitsulo kopanira, kupukuta kuchokera pakati pa bala kupita kunja, ulendo umodzi, n'kukataya. Achibale atafuna kuthirapo spiriti anawaletsa mwaulemu, chifukwa mankhwala aukali otere amapha tizilombo limodzi ndi maselo atsopano.

Tsopano pamabwera mpeni, ndipo apa mpweya ndimaugwira. Kuzungulira bala la kunsi kwa phazi kumamera khungu lolimba, lokhuthala, lomwe limakanikiza m'mphepete munthu akamaponda. Namwino amagoneka kampeni kake pafupifupi mofanana ndi khungu, chala chaching'ono atachitsamiritsa paphazi kuti dzanja lisanjenjemere, n'kumasenda pang'onopang'ono timapepala topyapyala. Sadalira wodwala kuti akuwe akafika pamoyo, poti phazilo silimva, ndiye maso ake okha ndi omwe amamuuza poima. Mkati mwa bala amasiyanitsa mitundu. Chachikasu chonanda ndi chakuda chouma ndi zakufa, zimachoka. Chofiira chonyowa, chokhala ndi timatuza tating'ono, ndi mnofu watsopano wodzaza timitsempha, ndipo amachilambalala mosamala kwambiri. Kamzere kotuwira kofiirira m'mphepete ndi khungu lomwe likukwawa kulowa mkati, losayenera kukhudzidwa ndi gozi n'komwe. Zili ngati kusosa m'munda mvula isanagwe: uchotse mapesi ndi zitsotso, nthaka uisiye. Timadontho tamagazi tikayamba kuoneka, amadziwa kuti wafika pamnofu wamoyo, n'kuima.

Akatha amalowetsa kachitsulo kosasongoka m'makona a bala, kufufuza ngati pali mphako yolowera pansi pa khungu kapena ngati kagunda fupa. Kukhudza fupa ndi chizindikiro choti tizilombo mwina tafika m'fupamo, ndipo zikatero nkhani yake si yapakhomonso.

Ambirife tinakula tikudziwa kuti bala lipole liyenera kuuma ndi kuchita nkhanambo. Mu 1962 George Winter wa ku Britain anaonetsa pa mabala a nkhumba kuti khungu limatseka msanga pamalo achinyezi kuposa pansi pa nkhanambo, chifukwa maselo ake amayenda mosavuta ponyowa. Luso ndi kupeza chinyezi choyenera, pakuti chikachuluka khungu lozungulira limayera n'kufewa ngati lanyikidwa, chikachepa mnofu umauma. Masiku omwe bala lili ndi fungo namwinoyu amapaka uchi woyera pagozi n'kuyala pabalapo. Uchi umakoka madzi kuchokera mu mnofu wotupa, ndi wowawasa pang'ono moti tizilombo tambiri sitiswana bwino, ndiponso uli ndi michere yochokera ku njuchi yomwe imatulutsa hydrogen peroxide wochepa kwambiri, mosalekeza. Madokotala a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre anayerekeza uchi ndi shuga pomanga mabala, ndipo zomwe anafalitsa mu 2007 zinaonetsa kuti uchi unachitako bwino pochepetsa tizilombo ndi ululu. Bandeji amaizunguliza kuyambira ku zala kukwera ku kakolo, mzere uliwonse kuphimba theka la unzake, kenako n'kulowetsa chala pansi pake kuti aone ngati sinathine.

Gawo lotsala limachitika magolovesi atavula. Amadula kansalu kochindikala, n'kuboola pakati pofanana ndi bala, kuti kulemera kwa thupi kugwere mozungulira. Amabaya chala cha bamboyo kuyeza shuga, n'kufunsa mayi a m'nyumbamo kuti nsima ya dzulo inali mitanda ingati, ya mgaiwa kapena yoyera, ndi ngati mapiritsi anamwedwa. Amapisa dzanja m'nsapato kufufuza timiyala. Amayang'ananso phazi labwino lija, pakati pa zala ndi kuchidendene, pakuti chilonda chachiwiri chimapewedwa pamenepo, ndipo mbaula analamula kuti izikhala patali ndi mpando.

Kamodzi pa sabata amayala kapulasitiki koonekera pamwamba pa bala, n'kujambula malire ake ndi cholembera, tsiku n'kulilemba pambali. Mapulasitikiwo akawasanjikiza, mizere imaonetsa yokha ngati bala likuchepa. Muyeso womwe amatsata ndi wodziwika pakati pa osamalira mapazi a odwala shuga: bala lomwe silinachepe ndi theka pakatha masabata anayi kawirikawiri silitseka popanda thandizo lina. Likafika pamenepo, kapena kufiira kukayamba kukwera mwendo ndi thupi kutentha, amalemba kalata tsiku lomwelo, bamboyo n'kukwera galimoto mumsewu wa M1 kupita ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga.