Minda Isanu ndi Iwiri ya m'Botolo

Owerenga athu adziwa kuti masiku ano wamalonda ali yense wofuna kukweza mtengo wa katundu wace alembapo mau akuti "za cilengedwe". Mauwa tiwaona pa sopo, pa mafuta odzola, ndipo makamaka pa mafuta onunkhira aja amene anyamata amati perefyumu. Cotero mwezi uno tati tiyese gulu limodzi la mafuta otere, la nyumba ya malonda ya Hermès ya ku Paris, imene inayamba m'caka ca 1837 ndi nchito yosoka zingwe ndi zomangira akavalo, koma lero igulitsa katundu wa anthu acuma. Pakati pa 2003 ndi 2023 nyumbayi inaturutsa mabotolo asanu ndi awiri, liri lonse ndi dzina la munda wace, pakuti liu la Cifalansa lakuti Jardin litanthauza munda wa maluwa ndi mitengo. Asanu oyamba anawapanga Jean-Claude Ellena, mbadwa ya ku Grasse, mudzi womveka ndi zonunkhira. Awiri enawo anawapanga Christine Nagel, amene analowa m'malo mwace mu 2016. Botolo limodzi la mamililita 100 aligula ndi madola opitirira 100, ndipo ndalama yotere siyenera kuturuka m'thumba cifukwa ca dzina lokha.

Tisanawaike m'mndandanda, tiyambe taongola ganizo limodzi lopotoka. Ambiri ayesa kuti wopangayo anapita ku munda, nathyola masamba ndi zipatso, nazifinyira m'botolo. Sikutero ai. Zoona, zomera zina zipereka mafuta ace. Makungu a malalanje ndi mandimu afinyidwa. Maluwa a rozi aphikidwa ndi nthunzi monga aphikira kacasu, ndipo pafunika matani atatu kapena anai a maluwa kuti papezeke kilogalamu imodzi ya mafuta. Mizu ya vetiva, udzu womwe uja alimi athu abzala pa akalozera kuti nthaka isakokoloke, ipereka mafuta onunkhira ngati dothi ndi utsi. Koma apulo, mango, bvembe, madzi a pa thamanda ndi mphepo ya kunyanja ziribe mafuta oti munthu awatape. Pfungo la zimenezi alimanga ndi mankhwala opangidwa ndi anthu. Nzeruyi si ya dzulo: mu 1868 William Perkin wa ku England anapanga coumarin, mankhwala onunkhira ngati udzu womweta umene wayamba kuuma, ndipo mu 1882 mankhwalawo anathiridwa m'mafuta a Fougère Royale. Kuyambira pamenepo zonunkhira zambiri za mtengo wapatali ziri zosanganiza za kumunda ndi za m'nyumba ya mankhwala. Ellena mwini sabisa konse kuti nchito yace ndiyo kupanga cifaniziro.

Tsono ngati botolo ndi cifaniziro, tiliweruze monga tiweruzira wojambula. Mafunso athu ndi atatu. Kodi munthu wosawerenga zolembedwa pa bokosi angazindikire ndi mphuno yace cimene afuna kumuonetsa? Kodi pfungolo lisunga mau ace kufikira ora lacitatu, kapena lisanduka sopo wamba? Kodi liri ndi kanthu kosapezeka m'mabotolo ena? Onse asanu ndi awiri ali a mtundu wa eau de toilette, ndiko kuti mafuta ocepa osungunulidwa m'sipiriti wambiri, ndipo sitiyembekeza kuti akhale pa khungu kuyambira m'mawa kufikira usiku. Tiwerenga kucokera kumunsi, monga acitira pa tsiku lolengeza mayeso.

Wacisanu ndi ciwiri ndi Le Jardin de Monsieur Li, wa 2015. Uwu ndi munda wa ku China wa mkuru wina wongopeka, ndipo atiuza kuti muli duwa la jasmine, kalalanje kakang'ono dzina lace kumquat, ndi madzi a m'tsinde la zomera. Poyamba kalalanjeko kamveka bwino, kowawasa ndi kozizira. Koma pasanathe ora limodzi zonse zicepa, kutsala pfungo loyera longa la nsaru yocapa. Palibe coipa m'menemo, komanso palibe coti munthu akumbukire mawa lace. Tiganiza kuti pano Ellena anapitiriza muyeso wa khalidwe lace locepetsa zinthu. Ndiwo zopanda mcere wambiri zikoma, koma zopanda mcere konse sizidyeka.

Wacisanu ndi cimodzi ndi Un Jardin sur la Lagune, wa 2019, woyamba wa Mai Nagel m'gululi. Mbiri yace ndi yokoma koposa onse: mu 1884 Mngelezi wina, Frederic Eden, anagula malo pa cisumbu ca Giudecca ku Venice, nalimapo munda pakati pa madzi a mcere, ndipo kwa zaka zambiri anthu angouonera kunja kwa linga. Botololi liti litionetse maluwa oyera a magnolia ndi kakombo, pamodzi ndi mphepo ya mcere. Maluwawo alimo ndithu, koma atsekemera kopitirira, ndipo pansi pace pali pfungo lolemera la mitengo yopanga limene likakamira pa malaya kufikira tsiku lina. Mcere uja umveka kanthawi kocepa, nuthawa. Wopangayo anafuna kukondweretsa okonda munda ndi okonda zotsekemera pamodzi, koma mapanga awiri abvumbwitsa. Cikhalitsa ndi cimene sitinacifune, ndipo cimene tinacifuna ndico cifulumira kucoka.

Wacisanu ndi Un Jardin sur le Toit, wa 2011, munda wa pa tsindwi la nyumba ya Hermès yomweyo, pa nambala 24 mu mseu wa Faubourg Saint-Honoré. Muli apulo, peyala wa ku Ulaya (wosiyana ndi mapeyala athu a mafuta), rozi ndi udzu wauwisi. Funso lathu loyamba aliyankha bwino, pakuti ngakhale mwana anganene kuti wamva apulo wodulidwa kumene. Cimene cimgwetsa ndi funso lacitatu. Pfungo la apulo lacuruka m'sopo wotsukira tsitsi ndi m'mankhwala otsukira mbale, kotero kuti mphuno ya munthu wa makono ilimva ngati la m'bafa. Iri si tsoka la wopanga yekha, koma wogula ayenera kulidziwa, angalipe ndalama zambiri pa cinthu cimene anzace adzaciyesa sopo.

Wacinai ndi Un Jardin après la Mousson, wa 2008, ndiwo munda wa ku Kerala, kumwera kwa India, itangoleka mvula yaikuru ya kumeneko. Pa botolo iri anthu agawanika kwambiri, ndipo ifenso tazengereza. Muli jinja, tsabola, mbeu zonunkhira za cardamom, ndi vetiva pansi pace. Koma pamwamba pa zonsezi pali pfungo la madzi longa la bvembe long'ambidwa, limene ena alikonda, ena liwacititsa nseru. Tiyamika kulimba mtima kwace, pakuti palibe lina lofanana nalo. Koma ife amene tidziwa pfungo la cizimalupsa, pamene madontho oyamba agwa pa dothi lotentha, tiona kuti dzina lace lalonjeza cimene mulibe. Pfungo lija la dothi licokera kwakukuru ku mankhwala dzina lace geosmin, opangidwa ndi tizirombo ta m'nthaka tosaoneka ndi maso. Ndipo ku India komweko, mu mzinda wa Kannauj, amisiri aligwira kuyambira kale pophika dothi lootcha ndi kulandira nthunzi yace m'mafuta a mtengo wa sandalwood. Ellena anatipatsa madzi ndi zokometsera ndiwo, nasiya nthaka. Munda wa mvula wopanda dothi uli ngati nyumba yopanda maziko.

Wacitatu ndi Un Jardin à Cythère, wa 2023, ndipo apa Mai Nagel abweza ngongole ya ku Venice. Cisumbu ca Kythira ca ku Greece ndi dziko louma, ndipo iwo analimba mtima kupanga munda wopanda duwa. Muli udzu wouma, mtengo wa azitona, ndi mtedza wa mu mtengo dzina lace pistachio. Ali yense amene anayendapo m'dambo m'malimwe, udzu utafiira ndi dzuwa, adzazindikira pfungoli msanga. Ndipo pambuyo pace pabwera kena konga ufa wa mtedza wokazinga pang'ono, kofunda koma kosatsekemera ngati keke. Colakwa cace ncakuti pa khungu la anthu ena mtedzawo ukula, nuphimba udzu. Ngakhale ziri tero, aonetsa kuti cilengedwe si maluwa okha, ndipo cifukwa ca ici timuika pamwamba pa atatu a Ellena.

Waciwiri ndi woyamba kubadwa, Un Jardin en Méditerranée, wa 2003. Munda wace ndi weniweni, wa Leïla Menchari, mai amene kwa zaka zambiri anakongoletsa mazenera a sitolo ya Hermès. Uli ku Hammamet m'dziko la Tunisia. Mwini nkhani ndi mkuyu wa kumeneko, wobala nkhuyu zazikuru zodyedwa. Wopanga wamba akadathamangira cipatso cotsekemera. Ellena anatenga tsamba, utomoni ndi khungwa, naika duwa la malalanje patali, ngati licokera kuseri kwa mpanda, ndi mkungudza pansi pace. Pfungo la tsambalo ndi la mankhwala opanga, komabe munthu amva ngati wakhala pa mthunzi masana. Akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, koma mkuyu uwu taung'amba ndipo nyerere sitinazipeze: pa ora lacitatu mtengo ukadaimabe, wouma pang'ono, wosasanduka sopo. Cimlepheretsa kukhala woyamba ncakuti sanayambe ndiye; Olivia Giacobetti anali atapanga kale mafuta a mkuyu mu 1994, dzina lace Premier Figuier.

Woyamba ndi Un Jardin sur le Nil, wa 2005. Mu 2004 Ellena anapita ku Aswan, kumwera kwa Egypt, kukafuna pfungo la mtsinje wa Nile, ndipo mbiri ya ulendowo anailemba mtolankhani wa ku America, Chandler Burr. Munthu akadayesa kuti adzasankha zofukiza za mafumu akale kapena maluwa a m'minda ya alendo. Iye anaima pa mitengo ya mango ya pa mudzi wa anthu a ku Nubia, nanunkhiza zipatso zosapsa. Botololi litsegula ndi kuwawasa kumene kudzetsa malobvu m'kamwa, kwa mango aawisi aja ana adyera mcere, pamodzi ndi utomoni wa pa phesi umene utentha milomo. Pambuyo pace pafika kakombo wa pa madzi ndi zomera za m'mbali mwa mtsinje, ndipo potsiriza patsala mtengo wouma wa mkuyu, mtundu womwe uja umera m'mitsinje ya kwathu, ndi kautsi kocepa ka lubani. Mafunso onse atatu awayankha. Wosawerenga bokosi azindikira mango. Pfungo liyenda kucokera ku cipatso kunka ku mtengo osataya njira. Ndipo pa nthawi yace panalibe lina lotere. Cofooka cace ncimodzi: m'dzuwa lotentha gawo loyamba lija, lokoma koposa, litha msanga.

Taonani tsono cimene mndandandawu utiphunzitsa. Mabotolo atatu a pamwamba anatenga zinthu zimene munthu aziponda osaziwerengera: mango osapsa, tsamba la mkuyu, udzu wouma. A pansi anadalira mbiri yokoma kapena maluwa odziwika kale. Cotero mtengo wa botolo suli m'kusowa kwa zimene athiramo, pakuti zambiri mwa izo si za mtengo wapatali. Uli m'maso ndi m'mphuno ya mmisiri wodziwa kusankha, ndiponso, tisabise, m'dzina la nyumba, m'galasi, m'bokosi ndi m'kulengeza malonda. Gawo la mmisiri tiribvomereza. Gawo la dzina ali yense adziyese yekha ngati thumba lace lilola.

Kwa iwo amene adzaima pa sitolo yotere, kapena amene mbale wao wa kutali adzawafunsa mphatso imene afuna, uphungu wathu ndi uwu. Musagule cifukwa ca pfungo la pa kapepala, kapena la mphindi yoyamba, pakuti za malalanje ndi za masamba ziuluka msanga, ndipo za mitengo ndizo zitsala. Cimene mudzakhala naco tsiku lonse ndi cotsalaco. Thirani pa mkono, muturuke kunja, mudikire maora awiri. Kuona maso a nkhono nkudekha. Musayese oposa atatu nthawi imodzi, cifukwa mphuno itopa, nileka kusiyanitsa. Ndipo wogulitsa akakuuzani kuti zonse ziri m'botolomo nza cilengedwe, mumfunse mwaulemu kuti mafuta a mango osapsa anawafinya bwanji. Mwezi wa October ukafika, thyolani bango limodzi losapsa, mununkhize pa phesi pace, ndipo mudzakhala ndi muyeso woweruzira botolo loyamba lija, ndi kuweruza nao ifenso amene taliika patsogolo.