Mphatso za Mabanki: Kodi Zimafika pa Bwalo la Fumbi?

Pa Ciweru madzulo gulu lathu la acinyamata muno mu Avondale limakumana pa bwalo la fumbi kucaya bola, ndipo anzathu a ku Chelstone ndi ku Kamanga amabwera nawonso. Mpira tili nawo umodzi, wosokedwa kale kawiri. Tsiku lina mnyamata wina anafika atabvala jezi ya Liverpool ya pa salaula, pacifuwa pali dzina la Standard Chartered. Iye anandifunsa kuti, "Atsogoleri, banki iyi ili ndi nthambi muno mu Lusaka. Nanga bwanji ithandiza azungu olemera kale, ife osatiponyerako ngakhale mpira umodzi?" Tonse tinaseka, koma funsolo ndinapita nalo kunyumba.

Tisaname, mabanki apereka ndithu. Cikho ca Barclays Cup cinayamba mu 2007, ndipo oyamba kucitenga anali a Zesco United. Mu 2019 cikhoco cinakhala Absa Cup, ndipo banki nayo inasintha dzina mu 2020. Stanbic inabweretsa a Boyz II Men ku Lusaka Polo Club mu 2017. Standard Chartered, imene dzina lake lili pa jezi ya Liverpool kuyambira 2010, inayamba nchito yothandiza odwala maso yochedwa Seeing is Believing mu 2003, ndipo pofika 2018 inali itasonkhanitsa madola 100 miliyoni a m'maiko ambiri. Mwana amene anali kulephera kuona pa bolodi, lero nawerenga bwino, sangakuuzeni kuti zimenezi n'zacabe. Pa nchito ya maso iyi ine ndilibe dandaulo.

Dandaulo langa lili pa bola ndi pa nyimbo, cifukwa kumeneko zinthu ziwiri zosiyana zapatsidwa dzina limodzi. Pali kupatsa, ndipo pali kutsatsa malonda. Taonani Absa Cup. Kwa zaka zambiri matimu amene anali kulowamo ndi aja amene anali kale pamwamba, a mabasi ao, a makoci olipidwa, oonetsedwa pa wailesi ya kanema. Kumene kuli kamera ndiko kumapita ndalama. Mwana wa ku Kalikiliki amene akucaya cimpombwa ca mapepala alibe akaunti, atate ake mwina alibenso, tsono dzina la banki pa malaya ake lidzaonedwa ndi yani? Pa phwando la nyimbo mpomwe nkhani imaonekera poyera. Tikiti igulidwa ndi anthu a ku Kabulonga ndi anzao, amenenso ndiwo makasitomala amene banki ifuna. Usiku uja ukatha, mahema apasulidwa, alendo akwera ndeke, ndipo mtsikana wa m'kwaya yathu amene alakalaka kuphunzira gitala akali wopanda mphunzitsi. Sindikana kuti oimba athu amakondwa kuima pa nsanja imodzi ndi akatswiri a kunja. Koma usiku umodzi pa caka sulera woimba.

Ena mwa inu mudzathamangira ku Mateyu caputala 6, pamene Ambuye aletsa kudzionetsera popereka zacifundo. Inenso ndinayamba komweko, koma pambuyo pake ndinaona kuti ndikuweruza mlandu molakwa. Banki si Mkristu wobatizidwa. Ili ndi eni ake amene ayembekeza phindu, ndipo kulemba dzina lake pa cikwangwani si cimo. Cimene ndikana ndico kutiuza kuti malonda ndi cifundo, kuti ife tiombe m'manja monga amasiye olandira bulangeti. Ndalamazo zicokera kwa makolo athu, pa ciongoladzanja ca ngongole ndi pa timalipiro tamitundumitundu ta m'banki. Kumbukirani kuti mu 2018 Bank of Zambia inacita kuletsa mabanki kudula makasitomala ndalama zina zimene inaziona kuti zinalibe cifukwa.

Ndikafuna citsanzo ca cinthu cokhalitsa ndimayang'ana ku Woodlands, pa Sunset Stadium. Timu ya Zanaco si phwando la tsiku limodzi ai. Banki yainyamula zaka zambirimbiri, m'nyengo zopambana ndi zogonja zomwe, ndipo timuyo inatenga ligi kasanu ndi kawiri pakati pa 2002 ndi 2016. Anyamata ambiri adyetsa mabanja ao ndi miyendo yao kupyolera m'timuyi. (Ine ndine wa Kabwe Warriors kucokera ku ubwana, tsono musaganize kuti ndikamba mokondera.) Nayonso ndi njira yotsatsira malonda, inde, koma pali bwalo, pali malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo caka camawa timu idzakhalapobe. Muyeso wanga ndi womwewo: cikwangwani cikatsitsidwa, catsala n'ciani, ndipo catsalira yani?

Caka catha gulu lathu linalemba kalata ku banki ina, dzina lake tilisiye. Tinapempha mipira inai, mizati ya netibo ya atsikana ndi gitala imodzi. Mlonda analandira kalatayo pa cipata mwaulemu wonse. Yankho tikali kuliyembekeza. Mlembi wathu anawerengera kuti zonse zimene tinapempha sizikanafika pa mtengo wa cikwangwani cimodzi mwa zija zazikulu za m'mbali mwa Great East Road.

Komabe pamenepa ndidzudzule ndi ife tomwe. Kalata yathu inali ya munthu wopemphetsa. Sitinalembe kuti ana ndi angati, adzawaphunzitsa ndani, katundu adzasungidwa kuti, ndiponso kuti ife eni tasonkhapo zingati. Anthu a kubanki amamva cinenero ca manambala, ndipo ife tinawalembera cinenero ca misozi. Mwezi uno tikulembanso, pamodzi ndi magulu a ku Chelstone ndi Mtendere, kupempha kuti atithandize ligi ya ana a zaka zosapitirira 15 kwa zaka zitatu zathunthu. Dzina lao alembe pa majezi, ife tilibe nazo kanthu. Atsogoleri a magulu amene afuna kusainako atipeze pa bwalo pa Ciweru nthawi ya 15 koloko, ndipo amene ali ndi pampu ya mpira abwere nayo.