Mayina Amene Timawadumpha

Ambiri tikamawerenga mbiri imene al-Tabari analemba ku Baghdad, maso amathamangira nkhondo ndi mafumu, n'kudumpha mndandanda wa mayina umene umatsogolera nkhani: ndinamva kwa uje, amene anamva kwa uje. Komatu luso lagona pamenepo.

Taganizirani mkuluyu, cholembera chabango chili m'manja, inki itadetsa zala, akufufuza mofatsa kuti mawuwa anatuluka pakamwa pa yani. Mboni zikasemphana, ankalemba maumboni onsewo moyandikana, kuti wowerenga aweruze yekha.

Anamwalira mu 923, koma chifukwa cha kuleza mtima kumeneku, olemba ena amene mabuku awo anatayika akumvekabe kudzera mwa iye. Popanda mayinawo, mbiri ikanasanduka mphekesera, nkhani yopanda mwini womufunsa.