Kodi Thor analidi mulungu wa mabingu?

Ambiri mwa ife tinamudziwira Thor m'mafilimu a Marvel: chimunthu chonyamula nyundo, ziphaliwali zikung'anima pomuzungulira. Declan Taggart, m'buku lake la How Thor Lost His Thunder lomwe Routledge inasindikiza mu 2018, akufunsa ngati anthu akale a ku Scandinavia ankamuonadi choncho mulunguyu. Poyamba funsoli likumveka lopanda pake, pakuti dzina lenilenilo la Thor linachokera ku mawu akale otanthauza bingu. Koma Taggart akutiuza kuti tisathamangire dzina, tiwerenge zimene zinalembedwa.

Apa ndi pamene bukuli lagwira mtima wanga. Nthano zambiri za Thor tinazilandira kuchokera ku Iceland, m'ndakatulo zakale ndi m'buku limene Snorri Sturluson analemba cha m'ma 1220. M'nthanozo Thor amapha zimphona, amawedza chinjoka chozinga dziko lonse, amakwera galeta lokokedwa ndi mbuzi ziwiri, ndipo nyundo yake Mjolnir itabedwa amavala ngati mkwatibwi kuti akaitenge. Mphamvu zilipo, ukali ulipo, koma bingu silitchulidwa kawirikawiri. Amene amanena mosabisa kuti Thor ankalamulira mabingu, mphepo, mvula ndi zokolola ndi Adam wa ku Bremen, Mkhristu wa ku Germany yemwe m'zaka za m'ma 1070 anafotokoza za kachisi wa ku Uppsala, ku Sweden, potengera zimene anamva kwa ena.

Tsono ku Iceland mabingu sachitika kawirikawiri. Chimene chimaopsa anthu kumeneko ndi zivomezi ndi mapiri olavula moto. Taggart akuganiza kuti ndakatulo zonena kuti mapiri amagwedezeka ndipo nthaka imayaka Thor akamadutsa mwina zikukamba za zimenezi. Iye sakulumbira kuti ndi momwemo, ndipo kudzichepetsa kumeneku ndakukonda. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti panalibe Thor mmodzi wofanana paliponse. Mlimi wa ku Sweden ndi munthu amene anasamukira ku Iceland kapena ku zilumba za Britain ankatchula dzina limodzi, koma aliyense ankafuna kwa mulunguyo zogwirizana ndi dziko limene ankakhalamo. Owerenga amene anakula akumva dzina la Mphambe angafulumire kunena kuti Thor ndi yemweyo. Bukuli likuwaletsa kufananitsa mopupuluma chotero.

Pali pomwe sindikugwirizana naye kwathunthu. Iceland inalandira Chikhristu cha m'chaka cha 1000, ndipo Snorri analemba patapita zaka zoposa 200. Ngati zolembedwa ndi Akhristu zili chete pa za bingu, sindiye kuti opembedza akale nawonso anali chete. Taggart akulidziwa vutoli ndipo akulimbana nalo moona mtima, komabe nthawi zina ndinaona kuti akusenzetsa kusowa kwa umboni katundu wolemera kuposa umene kungathe kunyamula.

Bukuli lili m'Chingelezi cha kuyunivesite, lodzaza ndi mawu a chiyankhulo chakale cha ku Scandinavia, ndipo silinalembedwe kuti lifotokoze nthano mokoma. Wofuna kungosangalala ndi nkhani za Thor ayambe ndi Norse Mythology la Neil Gaiman la mu 2017. La Taggart ndi la munthu amene nthanozo akuzidziwa kale ndipo akufuna kufufuza kuti anazilemba ndani, liti, ali kuti.